Kuyeza Gireda

A Kochi anandipeza Lolemba m'mawa nditagwada pa tayala la lole, ndikulimbana ndi limu lake lomwe linali litachita dzimbiri. Anakhala pa tayala lakutha lomwe makasitomala amakhalapo, n'kumandionerera ndikukha thukuta.

"Mphamvu zikadalipo," anatero nditamaliza.

"Zokwanira matayala. Mwabwera ndi nkhani yanji, a Kochi?"

"Ndili ndi mnyamata. Ndikufuna umuyeze."

Anthu a nkhonya amanditchula kuti Sikelo, ndipo dzinalo anandipatsa ndi a Kochi omwewa. Ndinamenya nkhonya zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'gulu la anthu olemera kwambiri. Masewero anga anakwana makumi anayi. Theka ndinapambana, theka linalo ndinagonja, koma kugwa pansi ndinagwa kawiri kokha. Lamba sindinamugwirepo. Ntchito yanga inadzangokhala yakuti mnyamata aliyense amene anthu ayamba kumuchemerera azidutsa kaye pa ine. Akandigonjetsa mosavuta, ankadziwa kuti apeza munthu. Akalephera, ankabwerera kukalondera zipata za masitolo.

"Ine ndinasiya," ndinawakumbutsa. "Zaka zanga ndi makumi anayi ndi chimodzi tsopano."

"Sindikunena za mpikisano. Masiku atatu okha ku jimu, zipewa kumutu, magolovesi akuluakulu. Ukatha undiuze zimene waona, basi."

Mbiri ya mnyamatayo ndinali nditaimva kale. Ankamutchula kuti Gireda, ngati chimakina chosalaza misewu chija. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ankanyamula matumba a simenti pa sitolo ya zomangira nyumba. Anali atamenya masewero asanu ndi atatu, onse anagwetsa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafika naye raundi yachitatu. A Kochi anandiuza kuti a Masuti, bambo amene amakonza mipikisano, akufuna kumukumanitsa ndi mwini lamba pakatha milungu isanu ndi umodzi.

"Njanji?" ndinafunsa.

Anagwedeza mutu kuvomera. Njanji ndinamenyana naye kawiri, ndipo pa kugwa kwanga kuwiri kuja, kumodzi anandigwetsa ndi iyeyo.

"N'chifukwa chake ndabwera kwa iwe," anatero a Kochi akudzisasa fumbi kumbuyo kwa buluku.

Mkazi wanga sanakane. Iye sakaniza chinthu, amangokufunsa mafunso mpaka ukane wekha.

"Ali ndi makilo angati mwanayo?"

"Zana limodzi ndi asanu ndi atatu."

"Nanga inu, abambo?"

"Kuposa pamenepo pang'ono."

"Ake ali m'mapewa, anu ali pamimba. Mano anuanu otsala m'kamwamo ndi angati kodi?"

Anapitiriza kupinda zovala za ana, kenaka anati, "Mukabwera mutathyoka, mafuta opaka ali pawindo paja. Mudzadzipaka nokha."

Jimu ya a Kochi ili pamwamba pa shopu ya akalipentala. Makina ocheka matabwa akayamba kulira pansipo, thabwa limene waimapo limanjenjemera, ndipo fungo la utuchi limasakanikirana ndi la thukuta. Muli matumba atatu olendewera, limodzi lokulungidwa ndi tepi paliponse, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi bwalo la zingwe zinayi. Belu lake ndi limu lakale la galimoto limene ndinapereka ine ndemwe. A Kochi amalimenya ndi sipanala.

Gireda ndinamupeza akudumpha chingwe. Atandiona anasiya, n'kubwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Anali wamtali kundiposa ndi chikhatho chathunthu, khosi ndi mutu zofanana kukula, koma nkhope yamwana.

"Madala, ine ndinkakuonerani ndili wamng'ono," anatero.

"Mawu amenewo amakalambitsa munthu, mphwanga. Vala magolovesi."

Raundi yoyamba sindinaponye kanthu. Ndinkangoyenda manja ali m'mwamba, kumulola achite zake. Choyamba chimene ndinaona ndi mapazi. Anthu ambiri aakulu thupi amayenda ngati akukankha kabati. Uyu ankayendera zala, osapingasa miyendo, ndipo ndikati ndithawire kumanzere ndinkamupeza wafika kale. Zimenezo zimaphunzitsika, koma osati m'zaka ziwiri zimene anakhala ndi a Kochi. Kenaka inabwera nkhonya yamanja. Ndinaitchinga ndi mkono, komabe dzanzi linayenda mpaka m'khosi. Ndamenyedwa ndi anthu ambiri ine, ndipo nkhonya zimasiyana. Ina imawawa pakhungu ngati mbama, ina imangokukankha. Ya Gireda inkalowa m'fupa n'kukhazikika momwemo.

Mu raundi yachiwiri ndinayamba kumugogoda pamphumi ndi yamanzere, kuti ndione ngati ali ndi mtima wapachala. Sanapse mtima. Ndinamupondanso dala phazi, n'kumutsamira ndi thupi langa lonse pazingwe monga amachitira akuluakulu ochenjera. Anangondikankha n'kubwerera pakati.

Chimene ndinkafuna ndinachiona mu raundi yachitatu. Akaponya yamanja ija n'kumva kuti yafika, ankaima kamphindi kuti aone ntchito ya manja ake. Chibwano chinkakwera m'mwamba, ndipo dzanjalo linkabwerera mochedwa, kulowera kumimba m'malo mwa kutsaya. Kanali kamphindi kochepa zedi, kosakwana kuphethira kawiri. Anthu asanu ndi atatu amene anawagwetsa aja sakanakaona, chifukwa nthawi imeneyo iwo ankakhala ali pansi.

Pofika raundi yachinayi anali atayamba kupumira m'kamwa. A Kochi atamenya limu, anandiyang'ana mondifunsa. Ndinawauza kuti ndilankhula masiku atatuwo akatha.

Lachinayi masana kunabwera mayi wina pa ntchito panga, wopanda galimoto, wopanda njinga. Anali wazaka ngati makumi atatu ndi zisanu, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, timaulusi titamatirira pa siketi. Anadikira mpaka nditamaliza kumiza chubu m'beseni kufufuza pobooka.

"Ndinu a Sikelo?"

"Ena amatero, mayi."

"Ndine mlongo wake wa mnyamata mukumenyana naye uja. Dzina lake lachitsulolo ine sindilitchula."

Ndinawapukutira mpando. Anandiuza kuti ndi telala, shopu yawo ili kuseri kwa msika, ndipo mnyamatayo anamulera okha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi awo atamwalira. Makabudula onse amene amavala m'bwalo amasoka ndi iwowo.

"Koma kuonera sindinaonerepo ndi kamodzi komwe," anatero. "Ndimasoka, ndimasita, kenaka ndimakhala m'shopu wailesi nditatseka mpaka wina abwere kudzandiuza kuti zatha. Aliyense akuti ndi katswiri. A Masuti akutero, a Kochi akutero, wometa tsitsi woyandikana nane akutero. Koma onsewa sanamenyedwepo ndi iyeyo. Inu mwamenyedwa. Ndiuzeni zoona, bambo."

Ndinawauza zimene ndinkadziwa. Mphamvu ali nazo zimene sindinazionepo kwa mnyamata wa msinkhu wake. Mapazi ali nawo. Mtima wake ndi wofatsa, ndipo m'bwalo umenewo ndi mwayi, chifukwa wokwiya amatseka maso.

"Nanga chimene simukudziwa?"

"Sindikudziwa chimene amachita akamenyedwa ndi munthu wodziwa kumenya. Chibwano cha munthu sichioneka ndi maso kuti n'cholimba. Mpaka wina achigogode."

"Ndiye muchigogoda ndinu?"

"Mawa."

Anapotokola tepi ija pachala. Lole ina inadutsa n'kutithira fumbi tonse awiri.

"Mugogode mwaulemu," anatero akunyamuka. "Koma mugogode ndithu, nane ndidziwe. Ndipo ovololo yanuyo thumba lang'ambika, mudzataya makiyi."

Lachisanu tinagwirizana maraundi asanu ndi imodzi. Ndinadikira mpaka yachiwiri. Yamanja ija itabwera ndinailandira pa golovesi, ndipo chibwano chitangokwera ndinaponya yokhota yamanzere, ija imabwera cham'mbali. Sindinaikemo mphamvu zonse, koma inafika pamalo pake. Mawondo ake anapindika. Apa ndi pamene anyamata ambiri amaonekera. Ena amatembenuka kupereka msana, ena amayamba kuponya mwamisala. Gireda anandikumbatira, n'kupanikiza mikono yanga m'khwapa mwake, mutu wake uli paphewa panga, mpaka miyendo inabwerera.

"Mwandipeza bwanji, madala?" anandinong'oneza kudzera m'chotetezera mano.

"Belu likalira ndikuuza."

Titamaliza ndinamuimika pagalasi paja n'kumuuza aponye yamanja kakhumi. Kachisanu anadziona yekha. Sanatsutse, sananene kuti anaterereka. Anangoti, "Ndiye ndakhala ndikuyenda chitseko chili chotsegula," n'kupitiriza kuponya.

Tsiku lachitatu linali Lolemba lotsatira. A Kochi anandiuza kuti mnyamatayo anakhala Lamulungu lonse akumenya thumba atapana kampira ndi chibwano, kakagwa n'kuyambiranso. Zinaoneka. Dzanja linkabwerera kutsaya ngati lamangidwa ndi mphira. Raundi yoyamba ndi yachiwiri sindinapeze polowera. Mu yachitatu dzanja lija linagwa, ndipo ine, ndi zaka zanga zonsezi, ndinakhulupirira. Ndinaponya yokhota. Iye anali atawerama kale. Nkhonya yanga inadutsa pamwamba pa chipewa chake, ndipo yake inalowa m'nthiti zanga zakumanzere. Ndinamva kuti thyo, ngati kamtengo kouma. Anali atanditchera msampha ndi cholakwa chake chomwe, patangopita masiku atatu chichidziwireni.

Sindinauze munthu. Ndinatsitsa chigongono kutchinga pamalopo n'kupitiriza, chifukwa chimene ndinkafuna kuona chinali kutsogolo. Mu raundi yachisanu mpweya unamuthera, ndipo dzanja linayamba kugwa lokha, osatinso mwadala. Ndinamukhudza patsaya katatu, pang'onopang'ono, ndikuwerenga mokweza kuti a Kochi amve. Mu yachisanu ndi chimodzi ndinamukhudza kanayi. Mutu wake unkadziwa choyenera kuchita, koma thupi likatopa limabwerera ku zimene linazolowera.

Tinakhala pansi mu kaofesi ka a Kochi, kamene ndi kona chabe yotchingidwa ndi pulayiwudi. A Masuti anali atafika, atavala suti ndi tayi ngakhale kunja kunkatentha. Gireda anaima pakhomo akumasula mabandeji m'manja.

"Mnyamatayu ndi wabwino kuposa aliyense amene ndinamuyezapo," ndinayamba. "Amamva. Zimene ena amaphunzira mwezi, iye amaphunzira tsiku limodzi. Akamenyedwa sasokonezeka. Koma Njanji ayi, osati pano. Mpatseni chaka. Mumupezere anthu anayi olimba, aja osagwa, amenye maraundi asanu ndi atatu, atope, aphunzire kumenya atatopa. Nkhonya ya Njanji ndi yomweyi yokhota yamanzere, ndipo iyeyo amadziwa kudikira. Sadzamukhudza pang'onopang'ono ngati ine."

"Chaka chamawa Njanji adzakhala atasiya," anatero a Masuti. "Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu akufuna kuona awiriwa pano, ndipo eni holo ndalankhula nawo kale." Anandiyang'ana akumwetulira. "Komanso a Sikelo, Njanji uja anakugwetsani. Mwina mukumuopa m'malo mwa mnyamatayu."

"Mwina," ndinatero. Zinali zotheka ndithu.

A Kochi ankangoyang'ana pansi. Iwo anali atatha zaka makumi atatu akuphunzitsa nkhonya pamwamba pa akalipentala aja, ndipo lamba wa olemera anali asanalowepo m'chipinda chimenecho. Sindinawaimbe mlandu.

"Madala," anatero Gireda ali pakhomo pomwepo, mawu ake ali ofatsa, "nthiti yanu ili bwanji?"

Onse anatembenukira kwa ine.

"Ndinaimva ikuthyoka," anapitiriza. "Pepani. Koma Njanji nayenso ali ndi nthiti."

Anasaina mapepala tsiku lomwelo.

Popita kunyumba ndinadzera ku shopu ya achemwali ake n'kuwauza mawu omwewo amene ndinanena mu ofesi, osachotsa kapena kuwonjezera. Anamvetsera phazi lili pa chopondera makina.

"Ndimuletse?" anafunsa.

"Angakumvereni?"

"Pa zina zonse amandimvera. Pa izi ayi." Anakoka nsalu yofiira yonyezimira pa shelefu n'kuiyala patebulo. "Ndiye ndisoke kabudula."

Kunyumba ndinalephera kuvula malaya ndekha. Mkazi wanga anandiyang'ana ndikulimbana ndi mkono wa malayawo, anapita pawindo, n'kubwera ndi botolo lija.

"Gonani chammbali," anatero. "Osalankhula."

Mpikisano unachitika Loweruka masana mu holo ya zamasewero. Malata ankatentha, anthu atadzaza mpaka m'mawindo, ena akudzipepesa ndi makatoni. Ndinakhala mzere wachitatu. Masewero ang'onoang'ono ali mkati, ndinangoona munthu akukhala pambali panga. Anali achemwali aja, chikwama chili pamiyendo, atachigwira ndi manja onse.

"Mukandiuza kuti nditseke maso, nditseka," anatero.

Njanji analowa monga amalowera masiku onse, osavina, osayang'ana anthu, thaulo lakale lili pamutu. Anali atanenepa pang'ono m'chiuno. Raundi yoyamba sanachite zambiri. Ankayenda, kutchinga, kuyang'ana. Ndinadziwa chimene ankachita, chifukwa ndi chomwe ndinachita ine. Gireda ankabweza dzanja bwinobwino, ndipo kawiri anamupeza Njanji m'nthiti mpaka holo yonse inamva.

Mu raundi yachiwiri yamanja ya Gireda inafika pamphumi pa Njanji. Mkuluyo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, anthu anaimirira akukuwa, ndipo mnyamatayo anaiwala zonse. Sikunali kutopa ulendo uno, chinali chisangalalo. Anaima kuti aone. Yokhota ya Njanji inabwera yathunthu, ndi chiuno chomwe, n'kufika pansi pa khutu.

Gireda sanagwe pansi. Anagwera kutsogolo pa Njanji n'kumukumbatira, ndipo kwa anthu ambiri zinaoneka ngati akungopuma. Woimbira anawalekanitsa, iye anakumbatiranso. Belu linalira. Ndinamuona akuyenda mapazi awiri kulowera ku kona ya Njanji, a Kochi n'kumuitana, iye n'kutembenuka.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa achemwali.

"Wamenyedwa."

"Nditseke?"

"Dikirani kaye."

Njanji anadziwa chimene anachita, ndipo mu raundi yachitatu anabwera kudzamaliza. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni ndinamuona akufulumira. Analowa manja ali pansi, akufunafuna pamene anamenya paja, ndipo anakumana ndi yamanja ya Gireda pachibwano penipeni. Anagwa chagada, mwendo umodzi utapindikira pansi pake. Woimbira anawerenga mpaka khumi, koma akanatha kuwerenga mpaka makumi atatu.

Anthu anathyola mipando ingapo ndi chimwemwe. Achemwali sanaimirire. Anatsegula chikwama, anatulutsa kampango, anapukuta m'manja, n'kukabwezeramo. Potuluka a Masuti anandigwira chanza pamaso pa anthu.

"Sikelo nayo imafuna kukonzetsa nthawi zina," anatero, ndipo onse anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndinanena kuti asamenye, anamenya, anapambana. Panalibe chotsutsa.

Mlungu wotsatira oyendetsa minibasi sanandipatse mpata. Aliyense wobwera kudzapopetsa tayala ankafunsa ngati geji yanga ya mpweya ili bwino, kapena nayo ikuti tidikire chaka.

Lachitatu chakumasana Gireda anabwera pa ntchito panga. Anali ndi fumbi la simenti m'tsitsi, kusonyeza kuti anali atabwerera kale kuntchito. Anakhala mumthunzi, msana atalozetsa kumsewu, n'kudikira kasitomala achoke.

"Madala, mundifotokozere raundi yachitatu."

"Suli nayo pa foni? Tawuni yonse ili nayo."

"Ndaionera kakhumi. Ndikuona munthu wofanana ndi ine." Anayang'ana zikhatho zake. "Chimene ndikukumbukira ndi chiyambi cha raundi yachiwiri. Kenaka ndili m'chipinda chovalira, achemwali akundimasula nsapato, lamba ali pabenchi. Ndinafunsa a Kochi kuti timenya nthawi yanji. Anayesa ndikuseka."

Ndinaika sipanala pansi.

"Mutu ukupweteka?"

"Pang'ono. Dzuwa likumandilasa m'maso. Dzulo ndinanyamula matumba kupita nawo pa lole yolakwika."

"Wauza ndani?"

"Inu nokha. A Masuti akuti pakatha milungu isanu nditeteze lamba. Apeza kale munthu."

Ndinazimitsa kompuresa, ndinalowetsa majeki ndi masipanala m'kontena n'kukhoma. Ndinamuuza kuti tikupita kuchipatala, koma tidzera kuseri kwa msika. Anakana, anati achemwali akamva amuletseratu nkhonya.

"Ukawauza wekha," ndinatero. "Ine ndingoima pakhomo. Ukalephera, ndilowa."

Sindinalowe. Ndinamva makina osokera akusiya kulira, kenaka mawu ake a mnyamatayo, otsika, kwa nthawi yaitali. Achemwali anatuluka atavula tepi m'khosi, atavala nsapato zoyendera. Sanalire, sanakalipe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Munaona, eti? Paja anasochera kona paja."

"Ndinaona."

"Bwanji simunanene tsiku lomwelo?"

Zoona zake n'zakuti anthu atandiseka, ndinaopa kuti ndikalankhulanso adzati ndi nsanje ya nkhalamba. Ndinawauza zomwezo. Anagwedeza mutu n'kuimitsa minibasi.

Kuchipatala tinakhala pabenchi maola atatu. Dokotala anali mayi wamfupi wovala magalasi, amene anachita kumuuza Gireda kuti akhale pansi kuti amufikire m'maso ndi katochi. Anamuyendetsa pamzere, anamuuza mawu asanu oti awabwereze pakapita kanthawi, iye anakumbukira atatu. Anamutumiza kukajambulidwa mutu tsiku lotsatira. Zithunzi zinaonetsa kuti magazi sanatuluke mkati, koma dokotalayo anati ubongo unagwedezeka, ndipo kumenyedwanso usanachire ndi kumene kumapha anthu kapena kuwasiya akulankhula mokoka lilime. Analemba kalata: miyezi itatu osamenyedwa ngakhale ndi pilo, milungu iwiri osanyamula simenti.

Kalatayo sinapite kwa a Kochi kapena kwa a Masuti. Achemwali anaitenga okha kupita nayo ku ofesi imene imapereka ziphaso kwa ankhonya, n'kudikira mpaka mlembi ataidinda. Mpikisano woteteza lamba uja unalephereka. A Masuti anakhala theka la chaka osandipatsa moni, ndipo matayala a galimoto yawo ankakamatitsa tsidya lina la tawuni. A Kochi anabwera okha patapita masiku awiri kalata ija itadindidwa. Anakhala pa tayala lakutha lija, kenaka anati, "Anandifunsadi kuti timenya nthawi yanji. Ine ndinaseka." Anandipempha kuti ndizibwera ku jimu katatu pa mlungu ndikaweruka.

Achemwali sanamuletse. Anangonena kuti kuyambira tsopano pepala lililonse lisanasainidwe lizidutsa pa tebulo lawo lodulira nsalu, ndipo ine ndiziliona.

Miyezi itatu ija itatha tinayamba ntchito. Zipewa sindivalanso, nthiti ija imandikumbutsa kukazizira. Ndimavala zikhatho zachikopa zolandirira nkhonya, ndipo timayamba Gireda atathamanga kale masitepe a jimu kakhumi ndi kasanu, miyendo ikunjenjemera. Akaponya yamanja n'kuchedwa kubweza, ndimamuwomba patsaya. Masiku oyamba ankapita kwawo tsaya litatupa mbali imodzi.

Chichokereni apo wamenya kawiri, osati za lamba, ndi anthu amene ndinasankha ine. Woyamba anali wapolisi wina wamutu wouma amene sanagwepo chiyambire. Gireda anafika naye maraundi asanu ndi atatu n'kupambana pa mapointi, anthu akung'ung'udza kuti Gireda wazilala. Wachiwiriyo Gireda anamugwetsa mu raundi yachisanu ndi chiwiri. Dzanja tsopano limakhala pamalo pake mpaka yachisanu ndi chimodzi. Kupitirira apo limayamba kutsetsereka.

Anthu amandifunsabe ngati adzafike patali. Ndimawauza kuti kunja kuli anthu olemera kumuposa ndi makilo khumi ndi asanu, amene anayamba nkhonya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sanagwirepo thumba la simenti. Ndimawauzanso kuti mnyamata wophunzira msanga chonchi sindinamuonepo. Amati ndiye yankho ndi liti, ine ndimati zonse ziwiri.

Mwezi wamawa ateteza lamba kwa msilikali wina wochokera dziko loyandikana nalo, maraundi khumi. Msilikaliyo ndi wamanzere, amatsogoza phazi lamanja, ndipo Gireda sanakumanepo ndi munthu woima chotero. Ku jimu kwathu kulibe wamanzere wolemera ngakhale mmodzi. Tamva kuti kuli wina amene amagwira ntchito yopha ng'ombe ku butchala ya kumpoto kwa tawuni, anasiya nkhonya zaka zitatu zapitazo, ndipo a Kochi akuti tipite Lachisanu tikamunyengerere. Kanema wa msilikaliyo tili naye mmodzi yekha, wojambulidwa ndi foni kuchokera kumbuyo kwa holo, mitu ya anthu ikutchinga theka la bwalo. Gireda amabwera naye pa nthawi yopuma masana, timakhala m'kontena momwe muli mdima pang'ono, n'kumaimitsaimitsa kuti tione pamene phazi la munthuyo likuponda. Dzulo tinafika pa raundi yachinayi, kenaka kunabwera basi ya sukulu ndi matayala awiri ophwa, ndipo iye anagwira jeki ine ndikumasula manati.